Anzathu Oyenda Nawo m'Magemu

Akonzi a magazini yathu anandipempha kuti ndilembe za ulimi wa fodya, popeza ndine wa kwa Chamama, kumene mwana aphunzira kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Koma ine ndawapempha kuti andilole ndilembe za mkangano umene wakhala m'hositelo yathu teremu yonse ino, ndiwo wa anzathu oyenda nawo m'masewera a pa kompyuta, aja tiwatcha magemu. Ndidziwa kuti aphunzitsi ena poona mutu umenewu apukusa mutu nati, "Ana a masiku ano!" Ndiwapempha adekhe mtima, awerenge mpaka pothera, pakuti ku fodyako tifika ndithu, ngakhale tilowera khomo lina.

Poyamba ndifotokozere iwo amene sanaonepo zinthuzi. Magemu amene ambiri a ife tiwadziwa ndi a mpira ndi a nkhonya, aja tilipira kandalama pa msika kuti tisewere kanthawi. Amenewo alibe nkhani: wagoletsa wagoletsa, wagwa wagwa, ndipo wina alowa pampando. Koma ulipo mtundu wina umene eni ake autcha RPG, m'mene wosewera alowa m'malo mwa munthu wa m'nthano, monga tichitira pa siteji pokonzekera mpikisano wa zisudzo wa ATEM. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa siteji mawu onse unaloweza kale, pamene muno usankha wekha chonena ndi chochita, ndipo nthanoyo ikhota motsata kusankha kwakoko. Dziko lake ndi la malupanga, mafumu, afiti ndi zinjoka zouluka zolavula moto. Sewero limodzi lotere munthu akhoza kulisewera maola 100 osalimaliza.

Mtundu umenewu sunayambire pa makina ayi. M'chaka cha 1974 amuna awiri a ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, anatulutsa sewero lotchedwa Dungeons & Dragons, losewera anthu atakhala mozungulira tebulo, ali ndi mapepala, mapensulo ndi timiyala ta manambala toponya. Mmodzi asimba nthano, ena onse ayankha, aliyense m'malo mwa munthu wake: uyu wankhondo, uyu sing'anga, uyu mbala. Nditamva zimenezi ndinakumbukira agogo anga pa moto madzulo, iwo akuti "Padangotero," ife tikuti "Tili tonse." Tsono pamene sewerolo linasamukira mu kompyuta panabuka vuto: munthu akhala yekha pamaso pa galasi, nanga "tili tonse" ayankha ndani? Apo ndi pamene opanga magemu anayamba kuumba anthu a m'makina oti aziyenda nawe, kumenya nawe nkhondo, ndi kukuyankha ukalankhula. Amenewo ndiwo ndiwatcha anzathu oyenda nawo.

Ine ndinakumana nawo chotere. Achimwene anga amene agwira ntchito ku Johannesburg anabwera pa Khirisimasi ya 2023 ndi laputopu yakale, yothyoka pangodya, batire lake losasunga moto. Anandisiyira kuti ndiziphunzirirapo kutayipa. M'katimo munali magemu awiri akale, Skyrim ndi Dragon Age: Origins, ndipo ndivomera pamaso pa onse kuti kutayipa sikunapite patali. Kumudzi kwathu kulibe magetsi, motero pa tchuthi ndinkapita nayo pa njinga ku msika wa Chamama, kwa mkulu wina wometa tsitsi amene ankandilola kulumikiza pa khoma pake ndikamlipira pang'ono. Sindinkapita ndekha. Ndinkapita ndi mnzanga amene tinakulira limodzi, mwana wa bambo wina wochokera ku Phalombe amene ankalima fodya m'munda wa abambo anga. Iye ndiye ankapalasa, ine ndinkakhala pakaliyala nditakumbatira laputopu ngati khanda.

Skyrim inatuluka pa 11 Novembala 2011, yopangidwa ndi kampani ya Bethesda ya ku America. Ndi dziko lozizira, la mapiri ndi chipale chofewa. Ukapha chinjoka choyamba pafupi ndi mzinda wa Whiterun, mfumu ya mzindawo, Balgruuf, ikuveka unduna, ndipo pamwamba pa undunawo ikupatsa munthu: mayi wankhondo dzina lake Lydia, wovala zitsulo, wa lupanga ndi chishango. Kuyambira pamenepo akutsata kulikonse. Ukathamanga athamanga, ukaima aima. Tsono m'sewerolo munthu woyamba kumene anyamula katundu wosaposa muyeso wa 300, ndipo akapitirira pamenepo miyendo ilemera, sathanso kuthamanga. Motero nzeru ya wosewera aliyense ndiyo kumsenzetsa Lydia zonse zolemera: mafupa a chinjoka, zipewa zachitsulo, miphika, ngakhale kabichi wotola m'nyumba za eni. Iye alandira, koma mawu amene ayankha nawo amveka ngati a munthu wotopa amene afuna kukutukwana koma ulemu wamletsa.

Kusukulu kuno mafoni ndi malaputopu saloledwa, monga mudziwa nonse, choncho mkangano wathu uchitika pakamwa pokha, magetsi atazima, aliyense ali m'bulangeti mwake. Osewerapo enieni m'hositelo yathu tilipo anayi. Ena aonera pa YouTube nthawi ya tchuthi, ndipo ena sanaonepo kanthu, koma ndiwo afuula koposa.

Mnzathu wina wa ku Area 25 ku Lilongwe, amene kwawo kuli makina amphamvu, amuda Lydia kwabasi. Chifukwa chake ndi chomwecho chimene osewera a m'maiko ambiri adandaula nacho: mayiyu aima pakhomo. Ulowa m'kachipinda kopanikiza, utembenuka kuti utuluke, upeza iye wadzaza khomo lonse akungokuyang'ana ngati ng'ombe ya pangolo. Ukamanyang'ama kuti adani asakuone, iye athamangira kutsogolo akufuula, naponda misampha yonse imene iwe unailambalala. Mnzathuyo ati bwenzi lotere ndi katundu, kuli bwino kuyenda wekha. Amwika pamodzi ndi Navi, kamzimu kouluka ka mu gemu ya Zelda ya 1998 ya kampani ya Nintendo, kamene kakudula pakati nthawi ndi nthawi kukukumbutsa zimene udziwa kale, monga belu la pulepu.

Apa ndiyenera kumteteza Lydia pang'ono, pakuti cholakwa si chake. Mnzako wa m'makina alibe maso, alibenso nzeru. Ali ndi malamulo ochepa amene anamlembera: ukhale pa mtunda wakuti kuchokera kwa mbuye wako, ukaona mdani, menya, mdani akatha, bwerera. Pansi pa dziko lonse lokongolalo pali ukonde wosaoneka umene uuza makina malo oyendeka ndi osayendeka, ndipo iye angowerengera njira yaifupi pa ukondewo. Khomo iye salidziwa kuti ndi khomo. Aona malo chabe amene ali pa mtunda woyenera, naimapo. Mawu ake onse analembedwa ndi mlembi, nanenedwa ndi wazisudzo m'chipinda chojambulira mawu, nasungidwa monga tisungira nyimbo pa memori khadi. Chikachitika chakuti, makina atulutsa mawu akuti. Amene titenga phunziro la kompyuta tidziwa chiganizo chija cha "ngati zili chonchi, chita chakuti." Lydia yense ndi ziganizo zoterozo zounjikana. Koma chodabwitsa nachi: ngakhale ndidziwa zonsezi, tsiku limene anafa m'phanga lina, nditamlasa ndekha mwangozi iye atagwada ndi mabala, ndinabweza sewero m'mbuyo maola awiri kuti ndikampezenso wamoyo. Ndinataya lupanga labwino ndi golide wambiri pochita zimenezo, ndipo sindinadandaule.

Gemu yachiwiri ija, Dragon Age: Origins, ya kampani ya BioWare ya ku Canada, ya chaka cha 2009, ndiyo inabweretsa mkangano weniweni, pakuti m'menemo anzako ali ndi maganizo awoawo. Aliyense ali ndi muyeso wa chikondi chake pa iwe, woyambira pa -100 kufika pa 100. Ukachita chomkondweretsa nambala ikwera. Ukamnyansa itsika, ndipo ikatsika kwambiri akhoza kukuchokera kapena kukusololera mpeni. Vuto ndi lakuti chokondweretsa uyu chinyansa uyo. Alistair, mnyamata wanthabwala ndi wa mtima wofewa, akondwa ukathandiza ovutika. Morrigan, mfiti, mwana wa mfiti ya m'thengo, aona kuti ukutaya nthawi, ndipo akuuza poyera. Awiriwa anyozana njira yonse kumbuyo kwako monga ana a mitala. Ndipo pafupi ndi mapeto pali mlandu wowawa: ukamkhululukira Loghain, kazembe amene anabweza asilikali ake nasiya mfumu kuti iphedwe pankhondo, Alistair sakhalanso m'gulu lako, ngakhale munadyera mbale imodzi kuyambira pachiyambi.

Mnzanga wogona pamwamba panga, amene ndi mmodzi wa atsogoleri a SCOM pasukulu pano, ati mfiti ndi mfiti, ngakhale ikhale ya m'galasi, ndipo iye sangayende nayo. Wina wa ku Ntchisi amtsutsa kolimba. Ati mwa onse a m'gululo Morrigan yekha ndiye sakunyengerera. Wovomera chilichonse chimene unena ali ngati wandale nthawi ya kampeni, koma wokuuza kuti "apa wapusa" ndiye akufunira moyo. Usiku wina anakangana mpaka pulifekiti anawaopseza kuti onse awiri akatchetcha bwalo la mpira m'mawa mwake.

Ine dandaulo langa pa gemu imeneyi ndi lina. Muli mphatso. Ukamkwiyitsa Morrigan, umpatsa mkanda wagolide ndipo nambala ikweranso. Alistair umpatsa kachiboliboli, waiwala. Ndinadzipeza nditasiya kufunsa kuti choyenera kuchita nchiyani, nditayamba kuwerengera kuti ndikachita choipa ichi nditaya mapointi angati, ndipo ndiwabweza ndi mphatso iti. Umenewo ndi ubwenzi wa mwana wa Fomu 1 amene agawira mkulu wa Fomu 4 chiponde ndi shuga kuti asamvutitse. Ndiudziwa bwino, pakuti chiponde cha amayi anga chinathera komweko. Akuluakulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Yekhayo wosagulidwa m'gululo ndi galu wankhondo, amene nambala yake ikhala pa 100 kuyambira tsiku loyamba, umchitire zabwino kapena zoipa.

Za galuyu m'hositelo mulibe mkangano; onse amkonda, ngakhale wa SCOM uja. Ife a kummawa kwa Kasungu tili ndi chifukwa chathu. Pafupi ndi kwathu, kwa Wimbe, ndi kwawo kwa William Kamkwamba, amene anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ali mnyamata, atasiya sukulu m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, ndipo filimu yake mu 2019. M'bukumo atchula ADMARC ya kwa Chamama konkuno, kumene anakafola mzere wa chimanga. Koma funsani amene anawerenga kuti misozi inawagwa pati, ambiri adzakuuzani za galu wake Khamba, amene anafa m'njalamo. Ndipo makinawo sakadazungulira popanda mnzake, mwana wa mfumu, amene anatulutsa ndalama zake kugula dainamo ya njinga, ndi mbale wake amene anathandiza kuimika nsanja. Anayenda ali gulu, ndi galu wawo, monga m'magemu momwemo.

Gemu imene osewera ambiri ainena kuti inafika pachimake pa nkhani ya anzathu oyenda nawo ndi Baldur's Gate 3, ya kampani ya Larian ya ku Belgium, imene inatuluka mu 2023 nilandira mphotho ya gemu yopambana ya chaka chimenecho. Laputopu yanga singaiyese nkomwe. Ine ndinaionera pa foni ya msuweni wanga, koma wa ku Area 25 uja anaisewera. Malamulo ake ndi a Dungeons & Dragons yomwe ija, ndipo kamwala ka mbali 20 kaoneka pagalasi kakugubuduzika pamene uyesa kunyengerera munthu kapena kutsegula loko ya eni. Usiku gulu limanga msasa, ndipo uyenda kuchokera pa tenti iyi kupita pa iyo kucheza ndi aliyense. Akhoza kukangana okhaokha mpaka kuikirana mpeni pakhosi, monga achitira Shadowheart ndi Lae'zel. Ukathira nkhondo anthu othawa kwawo amene anabisala m'nkhalango ina, Wyll ndi Karlach akuchokera, ndipo palibe mkanda umene ungawabweze.

Wokanganitsa kwambiri m'menemo ndi Astarion, woyamwa magazi, wonyada, wa pakamwa pakuthwa, amene usiku wina umpeza ataweramira pakhosi pako iwe uli m'tulo. Kwa Azungu imeneyi ndi nthano yokoma, ndipo Neil Newbon amene anamnenera mawu analandira mphotho chaka chomwecho. Kwa ife nkhani ya magazi ili ndi maliro ake. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu ophedwa ndi anzawo chifukwa cha mantha. Mnyamata wina wa kumeneko m'hositelo yathu safuna nkomwe kumva za Astarion, ndipo sindimuweruza. Koma wa ku Area 25 ati tidikire timve mbiri yake: anakhala kapolo wa mbuye wankhanza, Cazador, zaka 200, wosatha kukana lamulo lililonse, ndipo kunyada kwakeko ndi nsalu yobisa bala. Mbiri imeneyo sakuuza tsiku loyamba. Aitulutsa pang'onopang'ono pa msasa, akayamba kukukhulupirira. Ndiganiza kuti apa ndi pamene alembi a magemu atikolera: munthu akakuuza chimene sauza ena, kumtaya kuvuta, ngakhale ukudziwa kuti auzanso wosewera aliyense pa dziko lapansi mawu omwewo.

Ndisaiwale atsikana, angandiimbe mlandu. Loweruka lina titatha kukolopa makalasi nkhaniyi inafika kwa mtsikana wina wa Fomu 4, wa ku Mzuzu, amene asewera ndi alongo ake pa tchuthi, ndipo anatidula tonse. Anati tiwerenge akazi a m'magemu akale: ambiri ntchito yawo ndi kuima kumbuyo kupoletsa mabala a mwamuna, kapena kufa kuti mwamunayo apse mtima. Anatchula Aerith wa mu Final Fantasy VII, gemu ya ku Japan ya 1997, mtsikana wogulitsa maluwa amene aphedwa ndi Sephiroth nkhani ili pakati, iye akupemphera. Osewera a nthawi imeneyo sanakhulupirire. Anafufuza njira yomuukitsira, nauzana mabodza a njira zobisika, koma m'gemu imeneyo njirayo munalibe. Anyamata tinati imeneyo ndiyo imfa yotchuka koposa m'magemu onse. Iye anati inde, koma nchifukwa ninji wofayo sanakhale Cloud, Aerith ndi kutsala ndi lupanga m'manja? Tinasowa poyankha. Wokondedwa wake ndi Karlach, mkazi wamsinkhu wonyamula nkhwangwa, woseka mokweza, amene anagulitsidwa ku nkhondo ya kumidima naikidwa injini yamoto m'malo mwa mtima.

Ngakhale gemu ya kuno ku Africa sanaisiye. Aurion: Legacy of the Kori-Odan inapangidwa ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, ndi kampani ya Kiro'o Games ya Olivier Madiba, nituluka mu 2016. Isimba za Enzo ndi mkazi wake Erine, amene alandidwa ufumu wa Zama ndi mlamu wake wa Enzo pa tsiku la ukwati wawo. Ayenda awiri njira yonse, ndipo ine ndinakondwa kuti woyenda nayeyo ndi mkazi wa m'nyumba, si wantchito. Koma mtsikanayo anati taonani pankhondo: amene wosewera amgwira ndi Enzo, Erine angoitanidwa kudzathandiza ndi kupoletsa.

Tsopano ndibwere ku fodya, monga ndinalonjeza.

Mnzanga wa ku Phalombe uja sanafike ku sekondale. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma ndalama za yunifolomu, nsapato ndi zina zonse sizinapezeke, pakuti malipiro a bambo ake ankabwera kamodzi pa chaka. Inu amene simuli a kudera la fodya mwina simudziwa m'mene utenanti unkayendera, tsono ndifotokoze. Banja lichokera kutali, kawirikawiri ku maboma a kummwera kumene malo achepa, nilipatsidwa munda ndi mwini malo. Mwini malo apereka mbewu, feteleza, ndi chimanga chodya mwezi ndi mwezi, zonse zolembedwa m'kope ngati ngongole. Banja lonse ligwira ntchito: kuthirira nazale m'chilimwe, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kubandira, kuthyola masamba, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, kusankha, ndi kudinda mabelo pa jeke. Mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mwini malo achotsa ngongole ija, ndipo chotsala ndicho malipiro a chaka chonse. Chaka cha mitengo yoipa chotsalacho chikhoza kukhala chosakwana ndi ulendo womwe wobwerera kwawo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma kwathu, m'zaka zimene ndikunenazi, chimene ndinaona chitasintha ndi dzina lokha. Kope linali lomwelo. Ndinena izi ndi manyazi, pakuti kopelo linkakhala m'nyumba mwathu, ndipo nthawi zina wolembamo ndinali ine, popeza abambo ati ndilemba bwino manambala.

Mnzangayo anandionera ndikusewera masiku ambiri osanena kanthu. Chingerezi cha m'gemu ankachimva pang'ono, chotsalacho ndinkammasulira. Tsiku lina ndikumsenzetsa Lydia mafupa a chinjoka, iye anati, "Aise, mayiyu amalandira liti?"

Ndinati salandira, ndi wolumbira kwa mfumu, ndipo mfumuyo inandipatsa.

Anati, "Inakupatsa? Nanga iyeyo anafunsidwa?"

Ndinati ndi gemu chabe.

Anati, "Chabwino. Koma mafupawo ukakagulitsa, golide wake amalowa thumba la ndani?"

Wometa tsitsi uja anaseka mpaka kuimitsa makina pamutu pa munthu. Inenso ndinaseka. Koma pobwerera, titafika pa mtunda wa mchenga iye akupalasa molimba, ndinatsika ndekha pakaliyala osauzidwa, ndipo tinakankha njinga tonse awiri osalankhulana mpaka pa zigafa.

Tsiku lina ndinamuonetsa kuti mu Skyrim muli ena amene uwalemba ganyu ndi golide 500, monga Jenassa wa ku Whiterun komweko. Anati ameneyo ndiye wochenjera: anena mtengo wake ulendo usanayambe, ndipo alandiriratu. Anaonjeza kuti ngakhale a mu Dragon Age ali bwinoko kuposa Lydia, pakuti iwo akanyansidwa atha kunyamuka. Funso lake lija sindinalimvepo kwa wina aliyense m'mikangano yonse ya m'hositelo. Tonse tifunsa kuti mnzathu wa m'makina atithandiza motani, atiseketsa motani, atitsekera khomo kangati. Chimene iye apeza paulendopo palibe anafunsapo. Nditalibweretsa m'hositelo teremu ino, wa ku Area 25 anati ndisapenge, amenewo ndi manambala chabe, ndipo ananena zoona. Wa SCOM anatchula vesi ya malipiro a wantchito. Wa ku Ntchisi, wolongolola uja, anangokhala chete nafunda kumutu. Ndinamva pambuyo pake kuti makolo ake analimapo fodya wa eni ku Mchinji.

Pa tchuthi cha Isitala cha 2024 ndinagona masiku atatu ndi malungo, ndipo ndinambwereka mnzangayo laputopu kuti apite nayo yekha kwa wometa. Anayamba sewero lakelake, munthu wake namutcha Michesi, dzina la phiri la kwawo. Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho banja lawo linakwera lole kubwerera kummwera ine ndili kuno kusukulu, ndipo sitinatsazikane. Foni alibe.

Tchuthi chotsatira ndinatsegula sewero lakelo. Ndinampeza Michesi pa msewu wotuluka mu Whiterun, akuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, wosatha kuthamanga, Lydia akutsata pambuyo. Ndinayesa kuti makina awonongeka. Nditatsegula thumba lake ndinapeza muyeso uli pa 412: mafupa, zikopa, zitsulo, zonse wasenza yekha. Ndinatsegula thumba la Lydia. Munali chovala chachitsulo chabwino koposa chimene anatola, mikate iwiri, ndi golide 340. M'thumba la Michesi munalinso golide 340.

Sewero lakelo sindinalifufute, ndiponso sindinalipitirize. Tchuthi chikubwerachi ndapempha abambo kuti andionetse tsamba la kope lija la chaka cha 2024. Ayankha kuti tidzaona.

Mnyamata wa Fomu 3, wa kwa Chamama